Kiyi wa Miyezi Itatu

"Werenganso," anatero Anesi, manja ali m'beseni la madzi a sopo.

Chisamba, mwana wawo woyamba, anayandikitsa nkhope pa kompyuta n'kuwerenganso uthengawo, ulendo uno akudumpha mawu akuluakulu.

"Akuti kiyi amene adadi analowetsa atha Lachisanu, 12 koloko masana. Akangotha amufufuta. Ndiye mafayilo onse atsekeka."

"Onse?"

"Onse, amayi. A sikelo, a ochira, zotsatira za magazi, zithunzi za sikani. Zaka khumi ndi chimodzi zonsezi."

Anesi anapukuta manja pa thaulo, chala chimodzichimodzi. Linali Lachitatu. Amuna awo anaikidwa m'manda Lamlungu, ndipo Lolemba m'mawa iwo anali atatsegula kale kiliniki, achibale akung'ung'udza kuti mayiyu alibe mtima. Anangowasiya alankhule. Mimba sidziwa kuti kuli maliro.

Kachipinda kakumbuyo kanali momwe mwini wake anakasiyira. Mpando wothyoka mkono umodzi, jekete pa msomali, kapu ya tiyi yomwe palibe anali atalimba mtima kuichotsa. Amuna awowo anthu ankawatcha a Maloko, chifukwa chilichonse chokhala ndi chitseko iwo ankachipezera loko, ngakhale kabati ya shuga. Sanali a zachipatala. Ntchito yawo inali makompyuta, ndipo ankakhala m'kachipindaka tsiku lonse, khoma limodzi lokha likuwalekanitsa ndi chipinda choyezera odwala.

Mafayilo a amayi onse obwera pa kilinikipo sankasungidwa m'nyumbamo. Anali pa makompyuta a kampani ina yakutali, malo amene Chisamba ndi bambo ake ankawatcha kuti mtambo. Anesi ankati ndi mtambo wopanda mvula. Kumeneko zonse zinkasungidwa zitasokonezedwa, mwakuti wopanda kiyi akanangoona zilembo zopanda mutu. Kiyiyo sanali chitsulo, anali mzere wautali wa manambala ndi zilembo. Kampaniyo inkapangira makasitomala ake kiyi n'kumawasungira, ndipo anthu ambiri ankangovomera. A Maloko anakana. Anapanga wawowawo, n'kumabwereka kampaniyo kwa miyezi itatu basi. Miyeziyo ikamatha ankamulowetsanso yemweyo, n'kuikanso tsiku lina. Ankati chinsinsi cha mayi wapakati sichigonera kwa mlendo.

"Si ungowauza a kampaniwo kuti mwini wake wamwalira?"

"Ndinawalembera dzulo. Ayankha bwino, apepesa. Koma akuti iwo sasunga wina wapadera. N'zimene adadi ankafunazo."

"Panga wina."

"Wina satsegula zimene anatseka woyamba."

"Ndiye sunthako tsikulo. Uike mwezi wamawa."

"Tsiku limasintha pokhapokha pamene ukulowetsanso kiyiyo, amayi. Ndipo kiyiyo ndilibe."

"Kopera zonse Lachisanu lisanafike."

"Ndayamba kale m'mawa." Chisamba analoza kamzere kobiriwira komwe kankaoneka ngati kaima. "Ndi netiweki yathuyi akuti zitha pakapita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi."

Anesi anakhala pa mpando wothyokawo. Mawondo ankawawa. Kunja pa benchi panali amayi asanu ndi awiri akudikira sikelo, ndipo m'mabuku awo munali amayi oyembekezera oposa makumi asanu ndi limodzi. Ena anataya timabuku tawo ta kuchipatala kalekale. Ena ankamwa mankhwala amene ngakhale amuna awo sankadziwa. Panalinso mayi wina wa mapasa amene thupi lake linkadana ndi jakisoni wina, koma Anesi sankakumbukira bwino kuti uti. Mutu wawo unkasunga nkhope, osati mamiligalamu.

"Bambo akowa," anatero. "Munthu wapita koma akutipatsabe ntchito."

Chisamba anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chikwama chawo chakuda chija chili kuti? Muli laputopu yakale ija, yosalumikiza pa intaneti. Ndikukhulupirira kuti kiyiyo ankapangira momwemo."

"Ndinachitsekera mu wadirobu. Bambo ako aang'ono ankachifuna."

Mng'ono wa a Maloko anali wowotcherera zitsulo, wa mageti ndi mawindo. Kale ankamwa koopsa. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo anabwera pa kiliniki ataledzera masanasana, n'kuyamba kuimba nyimbo zotukwana pakati pa amayi a sikelo. Anesi anawakankhira kunja ndi manja awo, n'kuwauza kuti phazi lawo lisadzadutsenso geti limenelo. Kuyambira pamenepo ankangoonana pa maliro ndi pa maukwati, moni wa patali. Ndiye Lamlungu, anthu akuchokera kumene kumanda, fumbi lili m'mapazi, mlamuyo anawayandikira n'kunong'ona kuti, "Alamu, chikwama chakuda cha achimwene chija musachitaye, ndidzachifuna." Anesi sananong'one. Anafunsa mokweza, pamaso pa anthu onse, ngati maliro atha kale kuti anthu ayambe kuloza katundu. Mlamuyo anavala chipewa chake n'kuchoka.

Masana Chisamba anapita kunyumba kukatenga chikwamacho. Munali laputopu yolemera ngati njerwa, fulashi imodzi yonyamulira mafayilo yomangidwa ku ulusi wofiira, ndi kope la ana asukulu. Pa tsamba loyamba a Maloko analemba ndi zilembo zawo zoongoka zija: Kulowetsa kiyi. Pansi pake panali masitepe asanu ndi atatu, lililonse ndi nambala yake. Chisamba anawerenga mokweza, chala chikuyenda pa mzere.

"Kiyi ali m'magawo awiri. Gawo limodzi palokha silitsegula kanthu. Loyamba lili mu sefa ya kiliniki, envulopu yakhaki, pansi pa ziphaso."

Anesi anatsegula sefa. Envulopu inalimo, ndipo mkati mwake munali kakhadi kolembedwa manambala ndi zilembo, mizere inayi.

"Lachiwiri?"

Chala cha Chisamba chinaima pa mzere wotsatira.

"Iwe, ndili ndi odwala kunjaku."

"Alemba kuti, lachiwiri lili kwa mng'ono wanga."

Anesi analanda kopelo n'kuwerenga okha. Anawerenganso. Kenako analibweza.

"Munthu amene anataya nsapato zake zomwe ali nazo kuphazi? Ameneyo ndi amene bambo ako anamusungitsa zinsinsi za amayi anga?"

"Analekatu mowa, amayi. Papita zaka."

"Wakuuza ndani?"

"Adadi."

"Ine sanandiuze."

"Mukanamva?"

Anesi anamuyang'ana mwana wawoyo mpaka anagwetsa maso. Anatenga kope latsopano la chikuto cholimba mu kabati, n'kuuza Chisamba kuti atsegule mafayilo a amayi amene masiku awo ayandikira. Pakati pa wodwala ndi wodwala ankabwera kudzakopera pamanja: dzina, mtundu wa magazi, mankhwala, zimene zinavuta pa mimba yam'mbuyo. Pofika nthawi yotseka anali atalemba amayi khumi ndi anayi, ndipo dzanja linali litauma ngati chikuni. Anayang'ana mndandanda wa otsala. Unali wautali kuposa wa olembedwa, osawerengera a zaka zam'mbuyo amene tsiku lililonse akhoza kutulukira ndi mimba ina.

"Uwaimbire," anatero akuvala juzi.

"Ndawaimbira kanayi. Sakuyankha."

"Chabwino. Mawa ndipita ndekha."

Lachinayi m'mawa anasiyira kiliniki mzamba wothandizana nawo, n'kukwera minibasi yopita kumapeto kwa tauni. Malo a mlamu wawo anali shedi ya malata kuseri kwa sitolo yogulitsa matayala. Anali asanafikeko chiyambire. Ankayembekezera kupeza mabotolo ndi fungo. Anapeza pansi posesedwa, zitsulo zitasanjidwa potengera utali, zida zitapachikidwa pa bolodi chilichonse pamalo pake. Pa chitseko cha kabati ya zida panali maloko awiri. Anesi anawaona malokowo, n'kuyang'ana kumbali.

Mlamuyo anali atagwada pa geti lina, nkhope ili m'chigoba chowotcherera. Anamaliza mzere wonse kaye, kenako anakweza chigobacho.

"Alamu," anatero.

"Alamu. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Kaya inu kumeneko?"

"Tadzuka."

Anawakokera kampando kachitsulo n'kukapukuta ndi chipewa. Anesi anakhala, kachikwama kawo ka m'manja kali pa miyendo.

"Foni simukuyankha."

"Ndimaopa. Mwina mukufuna kuwerenga masupuni ngati alipo onse."

Anesi anali atakonza mawu m'minibasi, koma onse anali aatali.

"Ndinalakwa Lamlungu. Ndinakuchititsani manyazi pa anthu. Pepani."

Mlamuyo anavula magolovesi pang'onopang'ono, n'kuwaika pa geti.

"Ndinalakwanso ine. Si tsiku lofunsira chikwama limenelo. Koma ndinkawerenga masiku, alamu. Achimwene anayenera kubwera kuno sabata ino. Ndimadziwa kuti chinthucho chikatha, chatha."

"Ankabwera kuno?"

"Miyezi itatu iliyonse. Zaka zisanu ndi chimodzi. Ankakhala pamene mwakhalapo, laputopu pa benchi apo. Ankalemba gawo lawo ine nditayang'ana kumbali, ine n'kulemba langa iwo atayang'ana kumbali. Kenako ankathamangira kwanuko kukalowetsa."

"Ine ankandiuza kuti akukagula mafuta a jenereta."

"Ankagulanso. Achimwene sankanama, ankangochepetsa nkhani."

Anesi anamva kuseka kukubwera, anakuletsa. Anatambasula dzanja.

"Ndiye ndipatseni envulopuyo. Chisamba akalowetse lero, ndikubwezerani mawa."

"Ayi."

"Mwati?"

"Sindingakupatseni, alamu."

"Mukundibwezera?"

"Ayi ndithu. Anandilumbiritsa. Anati khadi limeneli silichoka m'manja mwako. Osapatsa munthu, osajambula pa foni, osawerengera munthu mokweza. Ndinawafunsa kuti, ngakhale alamu? Anati makamaka alamu ako, chifukwa iwowo ali ndi linzake. Magawo awiri akakhala m'dzanja limodzi, ndiye kuti panalibe chifukwa chowagawira."

"Munthuyo wamwalira."

"N'chifukwa chake sangandimasule."

Anesi anaimirira, n'kukhalanso. Mu msewu munadutsa lole, malata a shedi n'kunjenjemera.

"Alamu, ine ndatopa. Sindinagone bwino chiyambire sabata yatha. Ndili ndi mayi wa mapasa amene akhoza kubwera ola lililonse. Mawa 12 koloko zonse zitsekeka. Ndilibe nthawi ya malamulo a anthu awiri amene ankasewera zobisalirana m'shedi."

"Sikunali kusewera." Mawu awo anali otsika. "Nthawi imene anandipatsa khadili, palibe munthu ankandisungitsa ngakhale machesi. Inu nomwe mukudziwa mmene ndinalili. Anabwera kuno, ine ndili gone pansi apo, n'kundiuza kuti, mng'ono wanga, ndikukusungitsa amayi mazana anayi. Ukataya ichi, wataya iwowo. Ndinawauza kuti apenga. Anangosiya envulopu pa benchi n'kumapita. Ndinakhala nayo masiku atatu ndikuopa kuigwira. Pa tsiku lachinayi ndinakagula loko."

Anesi anayang'ana manja a mlamu wawo, odzaza zipsera za moto, osanjenjemera.

"Ndiye titani?"

"Bweretsani laputopu kuno, monga ankachitira."

"Ayi. Kuyenda kawiri ndi khadi langa m'minibasi, kenako netiweki ikavute, tibwererenso? Mubwere ku kiliniki. Tikapangire pamodzi pomwepo, tione kuti zatheka tonse tili pompo."

"Munandiletsa geti lija."

"Ndinakuletsani ndine. Ndikukuitanani ndine."

Mlamuyo anatola magolovesi ake.

"Geti ili mwini wake alifuna lero madzulo. Ndinalonjeza. Ndibwera mawa m'mawa."

"Lero simungathe?"

"Ndinalonjeza, alamu."

Anesi anapumira m'mwamba. Mtundu umenewu, anaganiza choncho, ukagwira chinthu sutaya. Ananyamuka.

Lachisanu anafika pa kiliniki 6 koloko. Pofika 8 koloko anali atakopera amayi ena asanu ndi anayi. Chisamba anali atayala zonse pa tebulo la bambo ake: laputopu yakale itatchajidwa, fulashi, kope litatsegulidwa pa masitepe aja. Lachitatu anali atatenga kale ku kampani zinthu ziwiri zofunika polowetsa kiyi, chokutira chotumiziramo kiyiyo kuti asaonekere m'njira, ndi chilolezo chake. Koma chilolezocho chinkagwira ntchito tsiku limodzi lokha, ndiye chinali chitatha. Anatenga zina zatsopano, n'kuziika pa fulashi.

9 koloko inakwana. Kenako hafu pasiti.

"Aimbire."

"Foni yawo yazima."

Anesi anayeza mayi wina, n'kumuuza kuti achepetse mchere. Anayeza wina. Maso ankangopita pa wotchi ya pakhoma. Itangodutsa 10 koloko mzamba uja anasuzumira pa chitseko.

"Anesi, pa geti pali bambo wina. Waima pamenepo kuyambira kalekale. Ndamuuza kuti alowe, akuti akudikira mwini wake."

Anesi anatuluka ndi magolovesi m'manja. Mlamu wawo anali ataima kunja kwa geti lotsegula, atavala shati yoyera yosita, nsapato zopolisha, dzanja limodzi lili pa thumba la pachifuwa.

"Mwafika nthawi yanji?"

"Cha m'ma 9."

"Ndiye mwangoima apa ngati mlonda? Geti lili pululu!"

"Munanena kuti mukundiitana ndinu."

"Mayo ine. Lowani, alamu. Lowani, chonde, musanandiphe ndi mtima."

Anadutsa pakati pa amayi a pa benchi, mlamuyo atavula chipewa, akupereka moni kwa aliyense. Atafika pa khomo la kachipinda kakumbuyo anaima. Anayang'ana jekete ya pa msomali. Chisamba anaimirira n'kuwapatsa mpando.

"Bambo aang'ono, khalani apa."

"Ayi, mwanawe, umenewo ndi wa eni ake. Ndipatse situluyo."

Chisamba anayatsa laputopu. Inatenga nthawi, ikulira ngati chigayo. Pa sikirini panatuluka kabokosi kakuda kopempha gawo loyamba.

"Amayi, ndinu."

"Lemba iweyo, maso anga ndi otopa."

"Ayi, alamu," anatero mlamuyo. "Mwini khadi ndi amene amalemba. Ife titembenuke."

Anatembenukira kukhoma, n'kukoka Chisamba pa mkono kuti nayenso atembenuke. Anesi anavala magalasi n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi. Zilembo makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Ankayang'ana pa khadi, n'kuyang'ana pa mabatani, n'kuyang'ananso pa khadi. Kunja mwana wina ankalira.

"Ndamaliza. Zinthu zake zotopetsa."

Kenako anatembenuka iwo ndi Chisamba. Kumbuyo kwawo anamva pepala likutuluka mu pulasitiki, kenako kugogoda kwa mabatani, kosathamanga, kosaima. Sizinatenge nthawi.

"Tembenukani."

Laputopu inaphatikiza magawo awiriwo n'kutulutsa zilembo zisanu ndi chimodzi zotsimikizira. Chisamba anazifananitsa ndi zimene bambo ake analemba m'kope, chimodzichimodzi.

"Zafanana. Ndi yemweyo."

Anakutira kiyiyo, n'kumuika pa fulashi, n'kusamukira pa kompyuta ya intaneti. Tsamba la kampani linkatseguka pang'onopang'ono. Wotchi inkati 11 koloko yatsala pang'ono. Panalibe chochita koma kudikira.

Mlamuyo anali atabweza khadi mu envulopu, n'kuiika chafufumimba pa bondo. Chisamba anaiona.

"Bambo aang'ono, manambala ali kuseriwo ndi a chiyani? M'kope sanatchulemo. Tisakhale kuti tadumpha sitepe."

"Si a kiyi amenewa." Anaphimba ndi dzanja.

Koma Anesi anali ataona kale. Manambala otero ankawawerenga tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu, ankawazindikira ngakhale ali chadodolido.

"Chotsani dzanjalo. Khadi lanu sindilifuna, ndikufuna kuseriko."

Mlamuyo anachotsa dzanja. Kuseri kwa envulopu kunali mizere iwiri yotsika, zilembo zoongoka za a Maloko. Tsiku, kenako manambala. Woyamba pamwamba unali 182/110. Pansi pake 176/104. Ankatsika pang'onopang'ono, nthawi zina n'kukweranso, mpaka womaliza, wa miyezi itatu yapitayo: 138/86.

"Iyi ndi bipi," anatero Anesi. "Ya ndani?"

"Yanga."

"Ankakuyezani ndani?"

"Achimwene. Anagula kamakina kawo. Tikamaliza za kiyi ankati, tsopano bweretsa mkono. Ine zipatala sindigwirizana nazo, alamu, mukudziwa. Ndiye ankati bola ubwere ndi mkono wokhawo. Atawona kuti yakwera kwambiri anandiperekeza okha kukatenga mankhwala ku chipatala chachikulu. Akabwera ankayang'ananso m'botolo ngati ndikumwadi."

Anesi anawerenga mizereyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Makumi awiri ndi inayi. Panalibe miyezi itatu imene inadumphidwa.

"Iwowo ankadziyeza?"

Mlamuyo anayang'ana pansi.

"Ndinkawauza. Ankati ine ndili ndi nesi kunyumba."

A Maloko anagwa pa khomo la bafa m'mawa wa Lachinayi la sabata yatha, mtsempha wa m'mutu utaphulika. Anesi anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anawayeza amuna awo. Sanalipeze. Ankayeza tauni yonse, n'kufika kunyumba atatopa. Anavula magalasi, n'kuwapukuta pa yunifolomu nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Amayi," anatero Chisamba motsitsa. "Tsamba latseguka."

Anasankha kiyi wokutidwa uja, n'kusankha chilolezo. Kenako anaima.

"Pali funso apa. Akufunsa ngati kiyiyu azitha kapena ayi. Ndikachonga apa, sadzathanso. Sitidzavutikanso chonchi. Makhadi mukhoza kungowasunga, osawagwiranso."

"Zimatheka zimenezo?" anafunsa Anesi.

"Zimatheka. Kabokosika kanalipo kuyambira kale."

"Ndiye bambo ako ankakaona?"

"Ulendo uliwonse."

Anesi anayang'ana kabokosiko. Kanali kakang'ono, kongofuna kudina kamodzi. Anaganiza za dzanja lawo louma, za minibasi, za wotchi ya pakhoma imene inawadya mtima m'mawa wonse. Mlamu wawo ankapinda ngodya ya envulopu ndi chala, maso ali pa nsapato.

"Ndichonge?"

"Ika miyezi itatu."

"Amayi, mwaiwala kale mmene tavutikira?"

"Sindinaiwale. Koma ulembe tsikulo pa kalendala ya kukhitchini, ndi pa foni yako, ndi pa chipumi panga ngati n'kotheka. Ndipo uzibwera sabata imodzi tsikulo lisanafike, osati kumathamanga ngati lero. Ika miyezi itatu."

Chisamba analemba tsiku, n'kudina. Kagudumu ka pa sikirini kanazungulira, kanazungulira. Kenako panatuluka mzere wobiriwira. Anathamangira ku kompyuta ya kutsogolo n'kutsegula fayilo ya mayi wa mapasa. Inatseguka, dzina la jakisoni uja lili pamwamba ndi zilembo zofiira.

"Zatheka!" anakuwa ali komweko.

Mlamuyo anaimirira, n'kuika envulopu mu pulasitiki yake.

"Ndiye ine ndizipita, alamu. Ntchito ikudikira."

"Khalani pansi. Tulutsaninso envulopuyo."

Anesi anapita m'chipinda choyezera n'kubwera ndi makina awo, aja a pampu ndi wotchi, pamodzi ndi choikira m'makutu. Anakoka mpando wothyoka mkono uja n'kukhalapo. Asananene kanthu, mlamuyo anali atapinda kale mkono wamanzere wa shati mpaka m'mwamba. Anawongola msana, n'kuika mkonowo pa tebulo, chikhatho chitayang'ana kumwamba.

"Mapazi onse pansi," anatero mlamuyo, akuwaponda bwino. "Miyendo osapingasa. Pumani kaye, musalankhule, dziko silithawa."

Anesi anaima, lamba wa makina ali m'manja. Awa anali mawu awo enieni, amene ankauza mayi aliyense m'chipinda choyezera, kuseri kwa khoma lomwe anatsamirapo.

"Mawu amenewo munawamva kuti?"

"Ndi mmene ankanenera achimwene. Ulendo uliwonse, osasintha ngakhale limodzi."

Anesi anakulunga lambayo pa mkono wa mlamu wawo, n'kuumanga bwino. Anapopa, n'kumvetsera, singano ikutsika. Kenako anatenga cholembera cha a Maloko pa tebulo, n'kulemba tsiku la lero pansi pa mzere womaliza.